Msoko Wotsiriza pa Mkanjo wa Hadda

Anandituma ine chifukwa m'mudzi mwathu mwa Tagunt galimoto yoyenda ndi imodzi yokha, pikapu ya bambo, ndipo ndine ndinaigwira chiwongolero chaka chimene maso a bambo anachita ng'ala. Palibe anandiphunzitsa. Ndinagwetsa mpanda wa khola la mbuzi kawiri, kachitatu ndinadutsa pachipata bwinobwino. Kuyambira pamenepo aliyense wofuna kanthu kumsika wa Lolemba ku Rish amabwera kwathu, ngakhale omwe aja ankati mtsikana wonunkha dizilo sadzakwatiwa.

M'mawa umenewo kunabwera Lalla Hennu, mkulu wa amayi osoka. Amayiwa amakumana m'chipinda cha kuseri kwa mzikiti, momwe muli makina osokera atatu, ndipo chovala chilichonse cha ukwati, cha khanda kapena cha maliro m'mudzi muno chimadutsa m'manja mwawo. Lalla Hennu sanakhale pansi. Anawerenga ndi zala ataima pakhomo.

"Tuda, mwana wanga, ulusi woyera mipukutu iwiri. Singano yatsopano, yosasokapo kanthu. Shuga woumba wa alendo a pamaliro, mitu inayi. Ndi nsalu yoyera, mikono khumi ndi iwiri. Mwini sitolo ya nsalu uja, Si Lahsen, akudziwa mtundu wake."

"Nsaluyo ndi ya ndani, azakhali?"

"Ukufunsa ngati mlendo."

Ndinkadziwa. Inali ya mkulu wanga, Hadda. Mwamuna wake Bassu anapita kummwera kukathyola matimati zaka ziwiri zapitazo. Miyezi isanu yoyamba ankaimba foni, kenako zii. Lachisanu lapitalo bambo ake, omwe timawatchula mwaulemu kuti Si Hammu, anaimirira mumzikiti n'kunena kuti uthenga wawapeza: lole yonyamula antchito inakokoloka ndi madzi osefukira, ndipo Bassu anali momwemo. Mtembo sunaoneke. Kalata panalibe. Amene anabweretsa uthengawo sanatchulidwe dzina.

Kwathu mkazi wofedwa mwamuna amavala zoyera, n'kubindikira m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi. Mkanjo wake makina saukhudza. Amayi onse a m'mudzi amausoka ndi singano imodzi, kupatsirana kuyambira wamkulu kutsikira kwa wamng'ono, ndipo aliyense akamabaya amanena kuti, "Ndikuchitira umboni kuti mwini chovala ichi watsala yekha." Msoko wotsiriza ndi wa m'bale wake wa bere limodzi. Iyeyo akakana, mkanjo sunathe, ndipo mkanjo wosatha savala. Za mapepala a kukhoti zimabwera pambuyo pake, koma m'mudzi nkhani imathera pa singano. M'bale wa Hadda wa bere limodzi ndine ndekha.

"Ine sindisoka," ndinatero.

"Ndakutuma kusoka kapena kugula?"

"Munthu alibe manda, inu mukufuna kumuika ndi ulusi. Mchemwali wanga mumutsekere m'nyumba miyezi inayi chifukwa cha mphekesera, kenako amutaye ngati nsapato yakutha."

"Pakamwa pako pamathamanga kuposa galimoto yakoyo. Kagule nsalu. Azana yoitanira mapemphero a dzuwa litalowa isanamveke, chovala chikhale chitatha."

Ndinadzera kunyumba ya Si Hammu kuti ndimuone Hadda. Ndinamupeza akutula mtolo wa udzu wa ng'ombe, wowerama msana ngati gogo, pamene ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri zokha.

"Achemwali, musade nkhawa. Singano ikafika kwa ine ndiiponya pansi."

"Usaiwale mankhwala a m'maso a bambo," anatero, n'kulowa m'khola.

Apongozi ake anatuluka akukoka galu pa chingwe. Anali Berkan, galu wa Bassu, wakuda, waubweya wambiri, amene kale ankaopseza ankhandwe phiri lonse. Tsopano nthiti zinkachita kuwerengeka.

"Galu uyu walira masiku atatu," anatero mayiwo. "Kamusiye kumsika, asatiitanire maliro ena."

"Akulira njala, azakhali. Munayesapo kumupatsa chakudya?"

"Ukamusiye kutali. Ndipo chinthu chimenechi chisanunkhize nsalu, ungatisokeretse zodetsedwa."

Ndinamukweza kutsogolo, pampando wa anthu, iwo akuona.

Msewu wa ku Rish umatsika chigwa, kenako umakwera phiri mokhotakhota, phompho lili kumanja. Pamwamba pa mapiri chipale chofewa chinali chitayamba kale kuyera, ndipo mphepo inkalowa pa zenera langa limene galasi lake linasweka kalekale. Berkan sanagone. Anakhala chilili, mphuno pa galasi la kutsogolo, ndipo pokhota paliponse ankandigwera paphewa. Ndinamunyemera buledi wanga wa pa ulendo. Anameza osatafuna. Ndinayankhula naye njira yonse, chifukwa galu sakuuza kuti ukhazike mtima pansi. Ndinamuuza kuti Hadda wasenzera nyumba imeneyo nkhuni zaka zisanu ndi chimodzi, kuti akumuthamangitsa chifukwa sanabereke, ndi kuti ine singano imeneyo sindiigwira ngakhale mudzi wonse undizinge.

Kumsika ndinayamba ndi zopepuka. Ndinasinthitsa botolo la gasi, ndinagula mankhwala a bambo, ulusi, singano ndi shuga. Anyamata oitanira mabasi ataona galu pampando anayamba zawo.

"Mlongo, amenewo ndi bwana a kunyumba?"

"Eya. Amasamba kuposa iwe, ndiponso sapempha ndudu."

Anzake anamuseka, ine n'kupitirira.

Sitolo ya Si Lahsen ndi yopapatiza, yamdima, nsalu zosanjikizana mpaka kudenga. Nditatchula nsalu yoyera, anaika kapu yake ya tiyi pansi.

"Yovala kapena nsanda?"

"Yovala."

"Mulungu akupatseni kupirira, mwana wanga. Watisiya ndani?"

"Palibe wafa, amalume."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, sanafunsenso. Anayeza mikono khumi ndi iwiri, anacheka pang'ono m'mphepete, n'kung'amba ndi manja. Phokoso lakelo linandilowa m'mano. Anaikulunga m'pepala, ine ndinaiika m'jumbo ziwiri n'kuimangirira kumbuyo pakati pa shuga ndi botolo la gasi. Berkan ndinamugulira mapazi a nkhosa kwa wopha nyama. Za kumusiya kumsika sindinaziganize n'komwe.

Pobwerera, dzuwa litapendeka, ndinapeza msewu wotsekedwa pamwamba pa phiri. Anthu okonza msewu, omwe m'mawa ndinangoona matenti awo, anali akuphulitsa thanthwe kutsogolo. Bambo wina wachikulire, wovala mkanjo waubweya wofiirira wokhala ndi chipewa chake, anatukula mbendera yofiira. Ndinaima. Panalibe galimoto ina kumbuyo kwanga kapena kutsogolo.

Bamboyo anayandikira zenera. "Mudikira pang'ono, mwana wanga, mpaka miyala—"

Berkan anandiponda pamiyendo n'kudumphira panja kudzera pa zenera losweka lija. Ndinaganiza kuti amuluma pakhosi. Sanamulume. Analowetsa mphuno m'mkanjomo, m'khwapa, m'mphepete, akulira kamawu kakang'ono ngati kagalu koyamwa, thupi lonse likunjenjemera. Anakodza pomwepo osadziwa.

"Chotsani galu wanu. Malovu ake andidetsa, ndiswali bwanji pamaso pa Mulungu?"

Ndinatsika. Ndinagwira galu pakhosi ndi dzanja limodzi, linalo ndinatembenuza chipewa cha mkanjowo. Mayi aliyense wa m'chipinda chosokera chija ali ndi chizindikiro chake chimene amabisa mkati mwa chovala. Cha Hadda ndi timizere titatu ta ulusi wofiira, tokumana pansi ngati phazi la nkhuku. Tinali pomwepo, pamsoko wa chipewa. Mkanjo umenewu Hadda anausoka mwezi wathunthu, Bassu n'kuuvala tsiku limene ankakwera basi.

Sindikumbukira kuti sipanala ya matayala ndinaitenga nthawi yanji, koma inali m'dzanja langa.

"Munauvula mtembo wa ndani mkanjo uwu?"

"Mtembo? Mwana iwe, ika chitsulocho pansi. Ine ndine Addi, funsa aliyense pano, sindinabepo ngakhale dzira. Anachita kundipatsa mwini wake."

"Ndani?"

"Bassu. Wamtali, wa chala chodukayu. Amayendetsa chimakina kumalo oswa miyala kuseri kwa mapiri awa, komwe timatenga miyala ya msewu uno."

"Liti?"

"Mwezi wathawu, kuzizira kutayamba. Anandiona ndikunjenjemera. Ndiponso mkazi wake sankaufuna m'nyumba. Akuti safuna misoko ya mkazi wina ikhale pakhosi pa mwamuna wake."

"Mkazi wake."

"Mwana wa mayi wotiphikira kumeneko. Ali ndi khanda lalimuna, lonenepa ngati dzungu. Tinadya nkhosa tsiku lolipatsa dzina. Bambo ake a Bassu anabwera okha kuchokera kumapiri kuno, a ndevu zopaka zofiira, ndiwo anazinga nkhosayo." Apa Addi anasiya kuyankhula, anayang'ana galu, anayang'ana ine. "Kodi iwe ndiwe wa kuti?"

Kutsogolo thanthwe linaphulika. Nthaka inagwedezeka pansi pa mapazi, fumbi linakwera n'kuphimba dzuwa, timiyala tinagwa pa denga la pikapu ngati matalala. Berkan sanathawe. Anali atagona pa mapazi a Addi, mutu pa mpendero wa mkanjo. Ndinachita kumunyamula, akundikanda, n'kumumanga ndi chingwe pampando.

"Mwana wanga," anatero Addi, mbendera ili pansi, "ngati ndayankhula zosayenera, ine sindinakuone, iwenso sunandione."

Ndinaliza injini. Ndinatsika phiri limenelo mothamanga kuposa tsiku lina lililonse, botolo la gasi likugubuduka kumbuyo, galu akulira kuyang'ana kumene tachokera. Mawu ndinali nditawakonza kale. Ndikaima pakati pa bwalo, amuna onse atakhala, ndikamufunsa Si Hammu kuti nkhosa ya mdzukulu wake inakoma bwanji. Ndikamufunsa ngati anasamba m'manja asanalowe mumzikiti kukapha mwana wake ndi pakamwa. Mudzi wonse ukamva kuti Bassu ali moyo, ndi kuti mchemwali wanga si wamasiye.

Nditafika, amuna anali atakhala kale m'mbali mwa khoma la Si Hammu, iye ali pakati, ndevu zake zofiira zili pachifuwa, akulandira manja a opepesa. Ndinazimitsa injini. Ndisanatsegule chitseko, Lalla Hennu anali atamasula kale jumbo kumbuyo.

"Wachedwa. Dzuwa latsala mkono umodzi." Anasuzumira kutsogolo. "Ndi galu yemwe wabwera naye. Iwe mwana, anakutemberera ndani?"

Anatenga nsalu, ulusi ndi singano n'kulowa nazo m'nyumba momwe amayi anali atadzaza. Ine ndinalunjika kwa amuna aja. Ndinali nditayenda mapazi asanu pamene wina anandigwira mkono. Anali Hadda. Dzanja lake ndi lolimba ngati la mwamuna. Anandikokera m'khitchini n'kutseka chitseko.

"Nkhope yako ikunena kuti wakumana ndi kanthu panjira," anatero.

Ndinamuuza zonse mothamanga, mkanjo, phazi la nkhuku, chimakina, mkazi, khanda, nkhosa. Ndinkadikira kuti agwe pansi. Iye anangosonkhezera nkhuni pamoto wa tiyi wa alendo.

"Lalimuna?" anafunsa.

"Achemwali, mwandimva? Ali moyo. Apongozi anu akudziwa."

"Zovala za Si Hammu amachapa ndani? Atabwerako ku ulendo umene ankati wa kuchipatala, m'chipewa mwake ndinapezamo maswiti a pa phwando la khanda, atakulungidwa m'kapepala. Ndi magazi a nkhosa pa mkono wa mkanjo. Ine sindinapite kusukulu, Tuda, koma kuchipatala sagawa maswiti."

"Ndiye mwangokhala chete? Ndikupita kukawang'amba pamaso pa anthu onse."

"Ukawang'amba, kenako?"

"Kenako aliyense adziwe chilungamo."

"Chabwino, adziwe. Mawa m'mawa ine ndidzuka ndili mkazi wa Bassu, mkazi wamkulu, wosabereka, wosiyidwa. Ndikamweta udzu wa ng'ombe ya amayi ake, ndikatunga madzi, ndikaphika. Kundisudzula sandisudzula, chifukwa amayi akewo adzawasenzera nkhuni ndani? Kukhoti ndikapita ndi ndani, ndikadikira zaka zingati? Iwe udzakhala utanena zoona, ine ndili m'khitchini muno mpaka mano atagweruka."

"Ndiye iwo apulumuke? Bambo wonama mumzikiti, mwana wake akudya bwino kuseri kwa phiri?"

"Iwo akufuna kubisa manyazi. Ine ndikufuna chitseko. Miyezi inayi ndi masiku khumi, kenako ndibwerera kwa bambo, ndikakhala pa makina osokera ngati munthu."

"Nanga Bassu akadzabwera? Msewu uja ukubwera kuno, achemwali. Chipale chikasungunuka anthu aja adzamanga matenti kumunsi kwa mudzi, ndi mkanjo wanu womwe. Mayi aliyense muno amadziwa phazi la nkhuku. Mukadzakwatiwanso, adzati mwachita chigololo. Sadzaloza Si Hammu, adzaloza inu."

"Ndikudziwa."

"Ndipo mukufuna ine ndilumbire bodza pamaso pa Mulungu."

Hadda anapukuta manja pa nsalu yake. Kuchipinda china mawu a amayi ankamveka, mmodzimmodzi, kubwereza zomwezo motsitsa, ngati njuchi m'mphanga.

"Tamvera," anatero. "Akuti chiyani? Alipo amene akuti Bassu wafa? Akuti mwini chovala watsala yekha. Tandiyang'ana, Tuda. Pali bodza pamenepo?"

"Aliyense akumva kuti wafa."

"Zimene akumva n'zawo. Iwe unene zimene ukuona."

Chitseko chinagogodedwa. "Singano yafika kwa wotsiriza," anatero Lalla Hennu panja. "Wa azana wayamba kale kutsokomola."

M'chipindamo munali amayi oposa makumi awiri, atakhala mozungulira, mkanjo woyera uli pamiyendo pawo ngati munthu wogona. Misoko inali yosiyanasiyana, ina yaing'ono yowongoka, ina yokhota ya agogo osaona bwino. Pakhosi panatsala malo otalika ngati chala. Apongozi a Hadda anali pakona, maso ali pansi. Kudzera pa kazenera ndinkaona mutu wa Si Hammu panja, ndipo kumbuyo kwake, mu pikapu, Berkan anali atayambanso kulira.

Lalla Hennu anandipatsa singano. Inali yofunda ndi manja a anthu onse aja.

"Paja unati susoka," anatero motsitsa, moti ndinamva ndekha. "Ukakana, kana tsopano, ndipinde nsalu. Palibe akukakamize."

Ndinamuyang'ana m'maso kuti ndione ngati akudziwa. Nkhope ya mayi ameneyu ili ngati khoma la dothi, siwerengeka. Ndinayang'ana Hadda. Anali ataima pakhomo, manja ali m'mbali, osandipempha kanthu.

M'khosi mwanga munali mawu ambiri, onse oona, onse otentha. Ndikanangotsegula kazenera kaja, bwalo lonse likanamva. Singanoyo inayamba yandibaya chala, ndipo ndinachiyamwa msanga kuti magazi asadonthere pa nsalu.

Ndinabaya singano pakhosi pa mkanjo.

"Ndikuchitira umboni," ndinatero, mawu akutuluka ngati a munthu wina, "kuti mwini chovala ichi watsala yekha."

Ndinasoka malo onse otsalawo, msoko woipa, wokhotakhota. Lalla Hennu anadula ulusi ndi mano nthawi yomwe azana inayamba. Amayi anamuvula Hadda nsalu yake yamaluwa n'kumuveka zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ena anayamba kulira, kulira kwenikweni, chifukwa Bassu anakulira m'manja mwawo. Panja amuna anadzuka kupita kukaswali, Si Hammu ali patsogolo. Podutsa pa pikapu anatembenukira kumbali kuti asaone galu.

Anamukhazika Hadda pa chofunda chatsopano pakona ya chipinda, pamene adzakhale miyezi inayi ndi masiku khumi. Wamasiye sagwira ntchito, satunga madzi, sasonkha moto. Amayi atayamba kutuluka, apongozi ake anapita kukhitchini okha n'kubwera ndi thireyi ya tiyi. Anagwada movutikira, mawondo akulira, anathira tiyi m'kakapu kagalasi, wina n'kutayikira pa thireyi. Anamupatsa Hadda osamuyang'ana.

Hadda analawa, n'kubweza kagalasiko.

"Shuga wachepa, amayi," anatero.

Mayiwo anadzuka kukatenga wina.